Zigamba za ku Turffontein

Makina anga ali pakhonde la sitolo ya Msomali,
pafupi ndi bokosi la magetsi lomwe anaba chitseko chake.
Obwera pano amavula jekete, kenako amavula zakukhosi.
Ine ndimangoyeza, singano ili kukamwa.

A Fourie abweretsa suti ya ukwati wa mwana wawo,
mimba yakula, mabatani akukana.
Akuti kale msewu uno unkasesedwa kawiri pa sabata,
m'mawa unkamva ziboda za mahatchi a mpikisano,
lero ndi jenereta ndi mahutala a minibasi basi.
Akufuna geti kumapeto kwa msewu, mlonda, makamera.
Chamumtima ndafunsa: getilo likatsekedwa,
ine ndidzapezeka mkati kapena kunja?
Pakamwa ndangoti, kwezani mkono, bwana.

Mayi Ntombela za geti alibe nazo ntchito.
Paipi yophulika pakona paja
yatha miyezi isanu ikuthirira phula,
pomwe mpopi wa m'nyumba mwawo ukungotsokomola mpweya.
Anaimba foni kukhonsolo, anapatsidwa nambala.
Anaimbanso, nambala ina.
Zakwana zisanu ndi ziwiri kuseri kwa kalendala,
akuti adzachita nazo juga,
mwina mwayi wawo unabisala m'menemo.
Aseka mpaka tepi yandipulumuka m'chiuno mwawo.

Aubi wa kwathu ku Namwera
amathamangitsa chakudya cha eni pa njinga yamoto.
Maenje a mumsewu anawapatsa mayina:
lija la pasukulu ndi Apongozi,
ukaliona patali umapatuka mwaulemu.
Bondo la buluku lake ndasoka katatu mwezi uno.
Koma iye akuti dera likutukuka, achimwene,
simukuona sitolo zazikulu akumanga kumtunda uko?
Intaneti yaulere, zimbudzi zogejemula zokha!
Ndati, udzagulako chiyani?
Akuti, kuona n'kudya komwe.

Mwini nyumba yomwe ndimagona, a Sithebe,
chitukuko amachiwerenga ndi zitseko.
Pomwe panali mtengo wa mapichesi pali zipinda zinayi,
pomwe galu ankagona akuthirapo simenti.
Mabanja asanu ndi anayi, bafa imodzi,
mzere umayamba tambala wa pafoni asanalire.
Akuti anthu akuchuluka, dera lawonongeka,
uku akulandira lendi ndi manja awiri.

Dzulo kwabwera mtsikana wa fayilo yobiriwira,
akuti Loweruka kuli msonkhano kuholo ya sukulu,
onse okhala m'dera lino adzanene maganizo awo.
Wandiyang'ana, wayang'ana makina,
cholembera chaima m'malere.
Inunso mumakhala kuno?

Zaka khumi ndi chimodzi, mwanawe.
Jakaranda uyu wandigwetsera maluwa pansalu
kuyambira iwe uli ndi yunifolomu,
ndipo mpendero wake ndinapinda ndine.
Ndikudziwa nyumba yomwe bambo anachotsedwa ntchito
chifukwa malamba awo ndaboola mabowo atsopano.
Ndikudziwa yomwe yalemera,
makatani ake sabweranso kwa ine.

Maganizo ndili nawo.
Nyale ya pamsewu iyake,
kuti mkazi wanga pochokera kuntchito usiku
asamabise foni m'sokosi.
Chigamba sasokera pansalu yowola,
amayamba aona pomwe ulusi udakali ndi moyo.
Koma kuholo amafunsa dzina, adiresi, pepala,
ndipo mlendo akatsokomola pamsonkhano
ena amati wabweretsa chifuwa ndi iyeyu.

Taonani, magetsi azimanso.
Msomali akutukwana firiji m'chinenero chake,
wometa tsitsi wasiya mutu wa munthu theka.
Anga makina ndi opalasa, ndinakwera nawo basi ku Limbe,
sadikira khonsolo.
Phazi pansi, phazi m'mwamba.
Suti ya a Fourie ikufunika Lachisanu,
ndiyenera kuimasula m'mbali
kuti mwini wake apume bwino.