Fulashi ya M'madzi

Loweruka ndimajambula maukwati,
Lamulungu makanda obatizidwa ku Kawale.
Zotsala ndikalipira lendi ndimapinda m'chitini cha mkaka
chomwe mng'ono wanga Ndaziona amayesa muli mabatani.

Chaka chatha ndinamira koyamba ndi kamera
itatsekeredwa m'chibokosi chake cha pulasitiki.
Mbuna zinafika mpaka pamphuno panga,
zina zachikasu ngati yunifolomu ya ana a nazale,
koma nditabwerera ku Lilongwe n'kutsegula pa kompyuta
zonse zinali ndere yokhayokha.
Madzi ndi mbala yaulemu.
Amayamba akuberani kufiira,
mukatsikirako pang'ono atenganso chikasu,
n'kukusiyirani mtundu wa khoma la chipatala.

Ndiye ndikufuna fulashi yolowa nayo pansi.

Pa foni zilipo mbwee, mitengo yake m'madola.
Ndimawerengetsa usiku, kukacha kwacha yagwanso.
Imene dzulo inali maukwati asanu
lero yafika asanu ndi awiri.
Alamu ku Joni akuti tumiza ndalama, ndikuikira pa basi.
Alamu omwewo anandiikirapo pa basi
nsapato ziwiri, zonse za kumanzere.

A Dzoole, ku Malangalanga, kuseri kwa ogulitsa matayala,
ali nazo ziwiri zakalekale
zomwe anasiya wina wofufuza za nsomba.
Yaikuluyo ikang'anima ndi mphezi ya mu Disembala,
koma batire lake n'lakelake,
likafa ndiye mwalira maliro, lina mulipeza kunja.
Yaing'onoyo n'njokandika m'mbali,
kuwala kwake n'kofika pomwe mkono wafika basi,
koma imadya mabatire anayi a tochi
omwe ngakhale pa okala ya ku Mchesi alipo.

Ndinatsegula kachitseko kake,
ndinatulutsa kamphira kozungulira kaja
n'kukayendetsa pakati pa zala pang'onopang'ono
monga amachitira wosankha mpunga,
poti katsitsi kamodzi kokha kakagona pamenepo
madzi alowa, lendi ya miyezi itatu yamira.
Ndinanunkhiza mkati kufuna fungo la dzimbiri.
Munalibe.

A Dzoole anandiyang'ana pamwamba pa magalasi:
Mayi, mu Lilongwe muno mujambulamo chiyani,
majumbo oyandama mu Lingadzi?
Ndinaseka nawo, poti wonenerera sakwiya.
Tinakokana mpaka mapemphero a masana atatha ku mzikiti.
Anachotsako ya minibasi,
chingwe anaponyeramo ngati basera.

Ya mkono wogwirira inalibepo.
Wowotcherera zitsulo ku Biwi anandipindira wake
kuchokera ku chogwirira cha ndowa,
osafunsa n'komwe ntchito yake.

Usiku magetsi anathima monga mwa masiku onse.
Kuseri kwa nyumba kuli diramu
yomwe timasungiramo madzi mipope ikauma.
Ndinamangirira tomato ku bawuti kuti asayandame,
ndinapinda malaya mpaka m'mapewa,
Ndaziona atagwira foni, akuyasamula.

Koyamba: phaa!
Chithunzi chonse mbuu, ngati wina wawazamo gaga.
Kuwala kukalunjika maso ndi maso
kumayamba kuulula fumbi lomwe simumadziwa kuti mumamwa.
Ndinakhotetsa chitsulo chija,
nyali inapita pambali, chapamwamba,
ngati mlendo wodziwa kuima pa chithunzi cha eni ake.

Kachiwiri.
Tomato uja psuu,
pansi pa diramu, mu mdima wa Kawale,
khungu lake lonse, ndi kachipsera ka pomwe anamuthyola.
Ndinamuyang'ana nthawi yaitali
madzi akutsika m'zigongono kulowa m'masilipasi.

Ndaziona anati, achemwali,
ndiye kuti mabatani onse aja ndi amenewa?
Bweretsani tomatoyo, ndi wa ndiwo za mawa.

Ndinapukuta kamphira ndi kukadzoza mafuta ake.
Chitini chili pululu.
Ya basi ya ku Salima sinapezeke,
koma Loweruka kuli ukwati ku Eliya 25
ndipo akuti eni ake salipira mochedwa kwenikweni.