Chidendene Chakumanzere

Simenti ya bwalo la ku Bangula yasanduka chiwaya,
nsapato zikununkha tayala lopsa,
ndipo wezulo yanga yachitsulo yandiwotcha mlomo
ndisanayiyimbe n'komwe.

A Fulukiya, amene anandiphunzitsa ntchitoyi,
anali ndi ng'ala m'diso limodzi,
koma ankati: mpira usamauyang'ane, mwanawe,
mpira ndi wabodza, umakoka maso ngati galimoto ya ukwati.
Yang'ana mapazi.
Wotchinga akafika poyamba,
mapazi onse awiri pansi, chifuwa chitaloza mnzake,
malowo ndi ake, ngakhale achepe ngati mpango wa m'thumba.
Womugunda ndiye wapalamula.
Koma akafika mochedwa, akali kusendera,
n'kuponya bondo kapena chiuno m'njira ya mwini mpira,
mlandu ndi wake,
agwe asagwe, alire asalire.

Lero kwatsala masekondi naini, zigoli zafanana.
Zuze wa ku Nchalo akubwera ngati thirakita ya nzimbe,
mutu pansi, phewa patsogolo,
ndipo pansi pa mkombero wathamangirapo Alufandika,
mwana wa mlongo wanga,
m'nsapato zomwe ndinamugulira ndekha pa kaunjika.
Khuu!
Onse awiri chagada.
Mpira ukugubuduka wokha kunka kutsinde kwa msawu.

Bwalo lonse lasanduka khoti.
Akabaza atsika panjinga, aliyense ndi chala chake,
mayi wa mafilizesi wasiya bokosi lili yasa,
wamugunda dala! wamugunda dala!
Mlongo wanga yekha sakukuwa.
Wangondiyang'ana, chitenje chili kukamwa.

Koma ine ndinachiona chidendene.
Chakumanzere.
Chinali chisanatere.
Pakati pa icho ndi simenti
panali kampata kongokwana katsamba ka bwemba.

Ndaimba.
Manja onse awiri m'chiuno.
Nambala seveni, watchinga mochedwa.
Zuze wapukuta magazi pachigongono, waponya kawiri,
woyamba wakana, wachiwiri walowa,
ndipo ndabwerera kwathu ndikukankha njinga,
popanda wonditi mwaswera bwanji.

Usiku kutentha sikugonetsa kuno.
Ndili pamkeka pabwalo, udzudzu ukundizenga mlandu,
ndakumbuka chaka chija ku Makhanga.
Nyumba ya bambo inaima pamenepo zaka makumi atatu,
mapazi onse pansi, chifuwa chitaloza kum'mawa,
sinasendere ndi phazi limodzi lomwe.
Ruo anabwera pakati pa usiku,
mutu pansi, phewa patsogolo,
anatenga khoma, mbuzi zisanu, wailesi ndi masitifiketi anga.
Ndili m'mwamba mwa mtengo wa mango ndinafuna wezulo,
ndimenye chibakera pachikhatho:
wagunda ndi mtsinje, mpira ubwerere kwa ife!

Patapita masiku anabwera a magalimoto oyera,
anatambasula mapu pabonetI, manja m'chiuno,
anati munamanga m'njira ya madzi,
anafika poyamba ndi mtsinje.
Bambo anaseka, anati agogo anga ankalima mapira
pomwe mukuti ndi njirapo.
Mtsinje unkadutsa uko, kuseri kwa mlambe.
Palibe anawamva.
Mlandu umenewo unalibe woyang'ana mapazi.
Anasamukira kumtunda, kuthema la miyala,
kumene anamwalira akufunsabe za dimba lawo.

Mbandakucha ndamva mgugu kuseri kwa bafa.
Ndi Alufandika, wopanda malaya,
wajambula mzere pafumbi ndi kamtengo.
Akuthamanga, akuima. Akubwerera.
Akuthamanga, akuima.
Sanandipatse moni.
Wangoti, malume, chinali chiti?
Ndati chakumanzere.
Wayang'ana phazi lakelo nthawi yaitali,
ngati ndi la munthu wina,
kenako wabwereranso pamzere.
Imani apo, wati, muzindiona.

Ndaima, mswachi uli m'manja.
Fumbi likukwera, dzuwa lisanatuluke kutsidya kwa Shire.
Kachisanu ndi chiwiri chidendene chatera bwinobwino,
koma sindinamuuze.
Ndati bwerezanso.