Wachiwiri

Ndinayamba ngati wotola mipira,
kamnyamata ka ku Kaphatenga, kopanda nsapato,
kodikira kuseri kwa waya
kuti mpira ulumphe mpanda ndikaubweze.
Malipiro anga anali kuunjanjitsa katatu
ndisanauponyere eni ake.

Msinkhu ndiwo unandilowetsa pageti.
Anandilembetsa kosi yowotcherera zitsulo,
koma koleji yonse inkadziwa chimene ndinadzera:
jezi nambala leveni, yong'ambika m'khwapa.
Zaka ziwiri ndinali kamvuluvulu.
Chachitatu, pa simenti ya ku Nkhotakota,
bondo linalira ngati nzimbe yothyolera pantchafu,
fumbi langa n'kukhala pansi.

Bambo Chiphwanya sanandipepese.
Anangondiponyera kope ndi bolopeni:
“Miyendo yapita. Maso alipo? Lemba.”
Ndinalemba.
Uyu akapanikizika amathawira kumanzere.
Uyo akaphonya kawiri amayang'ana pansi.
Winayu sanadye chidzukireni.

Ndi momwe ndinakhalira wachiwiri,
popanda kalata, popanda wowomba m'manja.

Wachiwiri amafika tambala asanatsike mumtengo,
chifukwa dzuwa la ku Salima likakwera
simenti imadya mphira ya nsapato.
Amasesa masamba a nimu,
amapopa mipira isanu, iwiri yake yazigamba,
amasoka neti ndi ulusi wopempha kwa osoka matumba.
Ringi itagwa ndi mphepo ya Okutobala
ndinaiwotcherera ndekha,
kosi ija n'kupeza ntchito.
Ndimanenerera minibasi pa Kamuzu Road,
ndimawerenga mitu popita, ndimawerenganso pobwera.
Tikapambana, chithunzi chimandidula phewa.
Tikagonja, ana amalirira pa phewa lomwelo.

Chaka chachisanu ndi chimodzi ndinagulitsa matumba awiri a mpunga
kukachita kosi ya ukochi ku Lilongwe.
Satifiketi ndinaikutira pulasitiki.
Mkazi wanga anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo:
“Ndiye akukwezani?”
Ndinati tione.

Tinaona.
Bambo Chiphwanya atatula wezulo, shuga itawafoola,
ndinasita malaya, ndinalowa mu ofesi ndi makope khumi ndi awiri.
Sanatsegule ndi limodzi lomwe.
Anafunsa digiri.
Panja khwangwala anali pa ringi yanga,
ndipo ndinamusiya akhale.

Amene anamulemba anafika Lolemba pa kabaza,
chikwama pamsana, wezulo watsopano pakhosi.
Ndaziona.
Yemwe uja ndinamuphunzitsa kuponya ndi dzanja lamanzere
nditamumanga lamanja ndi chitenje,
yemwe ndinamubwereka ya thiransipoti bambo ake atamwalira.
Anandipatsa moni ndi manja awiri.
Ine ndinayankha ndi limodzi,
linalo linali m'thumba, litafumbata mwala wosaoneka.

Sabata zitatu ndinangopopa mipira.
Kope linagona m'chikwama.

Ndiye Loweruka lina, alendo akutitsogolera ndi zisanu ndi ziwiri,
kutatsala mphindi zinayi,
anaimitsa masewero.
Ana anamuzungulira, thukuta likudontha pa simenti n'kuuma pomwepo.
Iye sanayankhule nawo.
Anatembenuka, pamaso pa onse:
“Akochi, mukuona chiyani?”

Akochi.

Ndinameza malovu owawa ngati nimu.
Ndinati nambala seveni wawo watopa, akupumira m'kamwa,
m'thamangitseni.
Ndinati Mavuto asiye kuopa, aponye.

Tinagonjabe, ndi imodzi.
Musayembekeze nthano.

Koma Lolemba ndinagula kope lachikhumi ndi chitatu
pa golosale ya Che Bwanali, pangongole.
Mpando wanga ukadali wakumapeto kwa benchi,
pomwe thabwa linapindika.
Mwina chaka chamawa sekondale ina idzandiitana,
mwina ndidzakalamba ndi pampu m'manja.
Bondo limandiuza za mvula isanabwere,
za mawa silinena kanthu.

Dzulo mpira unalumpha mpanda.
Kamtsikana kosavala nsapato kanautola,
kanaunjanjitsa kamodzi, kawiri,
kakundiyang'ana ngati ndikalipa.
Ndinawerama, n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato
chomwe chinali chomanga kale.