Tsiku la pa Chidindo

Ofesi yanga ili pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Limbe.
Masitepe ake ndi a matabwa, lachisanu ndi chiwiri limalira.
Laisensi yanga ili pakhoma, m'galasi,
ndimaipukuta Lolemba lililonse
chifukwa mayeso ake ndinalemba kawiri.

Lachisanu masana sitepe lija linalira molemera.
Ndinalidziwa phazilo ndisanaone nkhope:
malume Bizaliyele Nantchengwa,
malaya ong'ambika paphewa,
tizidutswa ta galasi tikunyezimira m'tsitsi.
Minibasi yawo yakana mabuleki potsetsereka ku Chirimba,
yapsompsona njinga ya kabaza.
Mnyamata wake ali ku Gulupu, mwendo ukulozera kudenga.
Inshuwalansi inatha Lachiwiri.

"Masiku atatu okha, mwana wa mlongo wanga.
Chidindo chakocho chili ndi timagudumu.
Bweza kamodzi, ka, ka, ka, basi.
Chibale ndi fupa."

Ndinayang'ana chidindo.
N'zoona, timagudumu take n'tofewa,
mwana wa mkaka akhoza kubweza nato sabata yathunthu.
Ndinayang'ana manja a malume,
omwe aja anagulitsa wailesi ndi mbuzi ziwiri
kuti ine ndisathamangitsidwe Folomu 3.

Koma lamulo lilibe malume.
Limati ndalama ya kasitomala si yako,
iperekeze kukampani isanafunde m'manja.
Limati muwerengere munthu timalemba ting'onoting'ono tapansi,
m'chinenero chimene amalotera,
ndipo usalonjeze chimene pepala silinanene.
Limakananso kugulitsa ambulera kwa munthu wonyowa kale
n'kulemba pa lisiti kuti anagula dzuwa likuswa mtengo.

Ndinakumbukira mayi Namaona a ku Chilobwe,
ogulitsa kaunjika pamsika,
amene amabwera ndi ndalama zomanga pansonga ya chitenje
kudzalipirira nyumba ya zipinda zitatu.
Tinakhala nawo ola lathunthu tsiku loyamba:
moto inde, mphepo inde,
chiswe ayi, mayi, chiswe n'chanu,
madzi osefukira pokhapokha mutaonjezerapo pang'ono.
Anaonjezera, akudandaula.
Chaka chimene phiri linasanza matope usiku
analandira malata ndi simenti
chifukwa tsiku la papepala lawo linali loona.
Thumba lake ndi limodzi lomweli.
Ndikabweza kagudumu, dzanja langa lapisa m'chitenje chawo.

Ndinafuna kunena kuti ndinakutumizirani uthenga katatu,
munayankha kuti mawa, bizinesi yavuta, mawa.
Ndinafuna kutchula Zengerezu.
Ndinameza. Munthu wogwa samufunsa za mwala.

"Sindingathe, malume."
Mawu atatu sanakwane n'komwe, awiri okha,
koma anadzaza chipinda mpaka fani inaoneka ngati yaima.

Ndinatsegula kabati ya pansi
mmene munali ndalama zanga za chipereganyu,
zimene ndimasungira matailosi a bafa.
Ndinati izi n'za mwendo wa mnyamata,
ndipo kupolisi tipitira limodzi, mukanene zoona.
Anaziwerenga osandiyang'ana.
Anaziika m'sokosi.
Anati, "Sukulu imeneyi ndinalipira ndine,"
ngati munthu amene wagula galu n'kumuluma.

Sitepe lachisanu ndi chiwiri linalira, potsika.

Usiku amayi anaimba foni kuchokera ku Ndirande,
anangopuma m'khutu mwanga, n'kudula.

Loweruka ndinapita ku Gulupu ndi nthochi ndi sopo.
Mnyamatayo dzina lake ndi Lekeleni,
anandifunsa ngati njinga yake ikadali ndi tcheni.
Sindinamuuze kuti ndine yani.

Lero ndi Lolemba. Ndapukuta galasi.
Ndatembenuza kagudumu kupita kutsogolo, ka, ka, ka,
kudumpha Loweruka ndi Lamulungu.
Inki yandidetsa chala chachikulu
ndipo sikuchoka ndi sopo.
Pansi wina wayamba kukwera.
Ndikuwerenga masitepe.