Mtima Wobwereka

Linabwera pa basi ya ku Joni, khadilo,
lokulungidwa m'sokosi ziwiri ndi nyuzipepala,
Malizani atalemba pakatoni: Osagwira ndi manja onyowa.
Ngati kuti ku Salima kuno, mwezi wa Okutobala,
alipo munthu wa manja ouma.

Kompyuta ya bambo ili pomwe anaisiya,
kuseri kwa shopu yathu pa Kamuzu Road,
yachikasu ngati dzino la wosuta chingambwe.
Inalemba makalata ofunsira ntchito a theka la tauni ino,
mapulogalamu a maliro, mndandanda wa alimi a thonje,
ndi dandaulo la mayi wina kwa woweruza
lomwe bambo anakana kulipiritsa.

Masikuluwu anayi anamasuka. Lachisanu linakana,
mpaka Sumaili wokonza mawotchi anaoloka msewu
ndi kachitsulo kake ka m'thumba la malaya,
nati chinthu chakale sachikakamiza, amachinyengerera.
M'katimo munali fumbi la zaka makumi atatu,
phiko la mphemvu,
ndi mazira awiri a nalimata, osaswa.

Ndinavula nsapato, n'kugwira chitsulo cha pawindo
kuti magetsi a m'thupi atsike kaye.
Mtima wakalewo tinauzula pang'onopang'ono,
mbali iyi, mbali inayo, monga chinangwa m'nthaka youma,
kuopa kupinda miyendo yake.
Umodzi unapindikabe.
Ndinausunga m'chitini cha masamba a tiyi.

Watsopanowo sunalowe msanga.
Mapini ndi mabowo anayang'anizana nthawi yaitali
ngati akuchimuna ndi akuchikazi asanagwirizane.
Ndinakanikiza ndi zala ziwiri, mpweya ndili gwa,
mpaka ndinamva kuti khe.

Kenaka tizipewa takuda, tating'ono ngati njere za mpunga,
toveka pa mapini kuti makina adziwe liwiro lake.
Pepala linali la Chijeremani, tinangomva zithunzi.
Ndinayatsa. Mdima.
Ndinasuntha kamodzi, n'kuyatsanso. Mdima.
Apo magetsi anathima dera lonse,
tinakhala pakhonde tikuswa mtedza mpaka cha m'ma faifi,
osadziwa ngati talakwa kapena takhoza.

Atabwera, kafani kanalira ngati udzudzu pakhutu,
galasi linaphethira, linaphethiranso,
manambala anayamba kutsika ngati matalala padenga.
Sumaili anavula chipewa.
Ndinalowetsa disiki, n'kulemba mizere itatu
yoti izidzuka nayo m'mawa uliwonse,
kuiuza kuti nkhokwe yakula, isaope kuthiramo.

Kale, ukatsegula faelo ya alimi,
bambo ankanyamuka, kutereka madzi,
kufunsa kasitomala: mvula yagwa bwanji ku Khombedza,
nanga mwana uja anachira?
Pobwerera ndiye mayina ayamba kutuluka,
limodzilimodzi, ngati anthu potuluka m'tchalitchi.
Lero ndangodina,
onse mazana anayi aima poyera nthawi imodzi.
Madzi sanafunde n'komwe.

Lachitatu kunabwera mnyamata ndi kalata ya ntchito ya ulonda.
Ndinalemba, ndinasindikiza, analipira, anapita.
Usiku ndinakumbuka kuti sindinamufunse kwawo.

Malizani amaimba foni: Ikuthamanga?
Ikuthamanga, achimwene, sitikuipeza.

Koma patsamba lomaliza la pepala lija
pali chithunzi cha kaswichi kobisika m'mphepete mwa khadi.
Ukakagwetsa pansi, liwiro limabwerera lakale.
Sumaili akuti anakaikira masewera a ana
omwe amapenga makina akafulumira.
Mwina.
Ine Loweruka masana ndimakagwetsa,
ndimadina faelo ya alimi, n'kutereka madzi,
ndimatapa masamba pambali pa mtima wopindika mwendo uja,
n'kukoka mpando wachiwiri
ndikuyang'ana kumsewu, kuti abwera ndani.