Madzi Asanandisankhire

Okutobala wafika ku Makhanga,
dzuwa likuswa mtengo, mbuzi zabisala pansi pa ngolo.
Ine ndatulutsa nyumba yonse pabwalo.
Opita kudimba akuima ndi makasu paphewa:
"Mukusamuka, a Esinala? Kapena mwayambana ndi bambo?"
Ayi, ndikungowerenga.

Pakhoma pathu pali mizere itatu ya matope,
wina m'mawondo, wina m'chiuno,
wachitatu pomwe pamafika mutu wa Zuze akaimirira.
Katatu konse Ruo analowa osaodira
nasankha yekha chotenga ndi chosiya.
Anatenga mbewu ya mapira,
nandisiyira chivundikiro cha poto yemwe sindinamuonenso.
Chaka chino wosankha ndine.

Wailesi iyi inasiya kuyankhula Maliyana ali kumsana,
lero Maliyana naye wabereka wake kumsana,
ndipo m'katimo mukukhala mphemvu ndi zidzukulu zawo.
Nyali yopanda galasi.
Ndowa zinayi za chithandizo, zitatu zobooka,
zolembedwa mayina omwe lilime langa limakana kutchula.
Diresi la kwaya lomwe linathina kalekale.
Ndiye makapu awa, asanu ndi limodzi, a maluwa ofiira,
makapu a alendo,
alendo omwe ndawadikira zaka khumi ndi zisanu
ife tikumwera tiyi m'zitini.
Usiku uja ndinawasenza pamutu, madzi ali m'khosi,
bulangete ndinalisiya pachingwe.
Kusukulu komwe tinathawira kunazizira mbandakucha,
ndipo kapu safunda munthu.

Zuze wakhalira mtondo, akulondera thumba lake:
matcheni a dzimbiri, mapedulo, masipoko opindika.
Njinga yakeyo tinagulitsa pa maliro a mayi ake.
"Zidzagwira ntchito," akutero osandiyang'ana.
Ndati, "Senzani, mukafike nalo pa mlambe paja.
Mukabwerako osatula, likhala."
Wadutsa khola la a Dinyero, wadutsa tchalitchi,
pa mjigo watula,
wakhala pa thumbapo, thukuta kamukamu,
ndipo waseka mpaka amayi otunga madzi aseka naye.
Alufeyo wa kabaza watenga zonse,
wati adzatikweza ulere kawiri, ngati sadzaiwala.

Ndowa zobooka zapita kwa wofesa mbande za tomato.
Wailesi aiphwasula ana, akuti mupezeka magineti.
Makapu anayi ndapatsa Nsayi, akulowa m'banja Loweruka,
ndamuuza kuti ayambe kumwera Lamulungu lomwe.
Awiri otsala ndatsuka.

Koma pali nsapato imodzi,
ya phazi lamanzere, yaing'ono kuposa chikhatho changa,
matope a chaka chachiwiri chija akadali m'kati.
Ndaiponya pa mulu wootcha, ndaitola.
Ndaiponyanso, ndapita kukamwa madzi,
pobwera ndapeza ili m'thumba la malaya a Zuze,
chala chake chikusisita kachingwe.
Sitinanene kanthu.
Imeneyo silemera, ndatero mumtima,
ngakhale ndikudziwa kuti ndanama.

Madzulo ndasesa m'makona
momwe tsache silinafikemo chimangire nyumbayi.
Mwatuluka zinkhanira ziwiri ndi ndalama yachitsulo
yomwe sigulanso ngakhale machesi.
Nyumba yakula.
Ndikatsokomola ikuyankha,
mphepo ya kumtsinje ikulowa pakhomo n'kutulukira pazenera
osapunthwa pa kanthu.

Zotsala ndi izi: mphasa, neti, mabulangete awiri,
mapoto awiri okhala ndi zivundikiro zake,
mbewu m'chigubu chotseka bwino,
makadi a kuchipatala m'jumbo yomanga katatu.
Ndayesa kusenza mumdima, maso otsinzina,
dzanja limodzi latsala lopanda kanthu,
logwira mdzukulu.

Takhala pakhonde, udzudzu wayamba nyimbo yake.
Zuze akupemerera tiyi m'kapu ya maluwa,
akuigwira ndi manja awiri ngati ya eni ake.
Kumapiri a Thyolo kwang'anima kamodzi.
Wafunsa, "Kodi alendo aja ndi ife?"
Ndati imwani, azizira.