Masamba Awiri ndi Nsonga

Usiku woyamba ndinaikamo zonse.
Laputopu yobwereka kwa achimwene ake a Wedisoni,
batire yake yodwala mphumu,
ndi mutu umene tinapatsidwa:
mkungudza ukutha m'phiri la Mulanje.
Silaidi yoyamba ndinaipakira ngati minibasi ya ku Limbuli tsiku la msika,
ziganizo kukhalirana pamiyendo,
china chikulendewera pachitseko.
Zilembo zofiira pamwamba pa zobiriwira,
mutu kulowa mozungulira ngati kamvuluvulu.
Ndinadziuza kuti apa ndiye ndagwira ntchito.

Lachiwiri tinayeserera.
A Namakhwa anayatsa pulojekita, khoma la Fomu 3 linayera mbuu,
iwo nakakhala kumbuyo kwenikweni
pa desiki yothyoka mwendo ya Esitere.
"Tawerenga, Esitere."
Anatsinzinira diso limodzi, kenako linalo.
"Sala, ndi nyerere zokhazokha."
Kalasi inafa nako kuseka.
Ine n'kuti nditawapatsa nkhongo,
ndikuwerengera khoma
mawu amene khomalo linali nawo kale.

Amayi anabwera kuchokera ku esiteti dzuwa litapendeka,
zala zitada ndi utomoni wa tiyi.
Chingerezi sachidziwa, koma anasuzumira:
"Zonsezi n'za munthu mmodzi?
Ife ku sikelo, kalaliki akapeza masamba okhwima m'dengu
amakubweza.
Awiri ndi nsonga, mwanawe.
Otsalawo si oipa ayi. Ndi a mtengo."
Atatero anapita kukasamba.

Kufufuta kumawawa.
Chiganizo chimene ndinachisaka masiku atatu
ndinachichotsa ndi chala chimodzi.
Masilaidi makumi awiri ndi anayi anatsala asanu ndi awiri,
iliyonse ndi mfundo yake imodzi,
zilembo zakuda pa zoyera, zonenepa,
zoti Esitere aziwerenge osadzuka.
Kamvuluvulu uja ndinamuthamangitsa.
Nambala imodzi yokha, pansi pake kumene ndinaitenga.
Chithunzi chimodzi: chitsa,
chimene amalume anajambula pa foni ku Chambe
atatula katundu wa alendo,
nsapato yawo ili pambali
kuti uone kukula kwa mtengo umene palibe.

Lachisanu kunadzuka chiperoni,
phiri litabisala ngati lili ndi ngongole.
Wedisoni pa batani, ine kutsogolo,
maondo akugundana m'siketi,
koma nkhope nditalozetsa kwa anthu.
Anadina msanga, tinadumpha silaidi yachitatu,
palibe anadziwa.
Chitsa chitafika pakhoma ndinakhala chete,
kuwerenga mumtima mpaka kasanu.
Ngakhale Limbikani anasiya kutafuna cholembera.

Esitere anakweza mkono.
"Nsapatoyo ndi ya ndani?"
Anaseka pang'ono.
"Nanga mtengo wotere umatenga zaka zingati?
Anaudula ndani? Anaupititsa kuti?"

Ndipo mawu aja ndinafufuta
anayamba kubwera okha,
mmodzimmodzi, osakankhana,
chifukwa sanapite kutali.
Anali pa mtengo.

A Namakhwa analemba 14 pa 20.
Akuti ndimathamanga polankhula
ndipo mawu omaliza ndinawameza.
N'zoona.
Laputopu inazima tisanafike pa "Zikomo".

Madzulo ndinauza amayi.
Anali akumata pulasitala pa chala.
Anangofunsa kuti,
"Sanakubweze?"